Ndinayeza Madzi Mpaka Nsomba Zinatha

Ku Liwonde kuno, ukanena kuti ukuweta nsomba, anthu amafunsa kumene wakumba damu ndi tsiku limene udzavuule. Ukayankha kuti nsombazo zili pabalaza, m'thanki yagalasi, ndipo ntchito yake n'kungoziyang'ana basi, amatsitsa mawu, ena n'kukafunsa akunyumba kumbali ngati masiku ano ukugona bwino. Tauni yathu ili m'mbali mwa Shire, Malombe ali kumtundaku, Chilwa ndi Chiuta ali kuseri kwa mapiri. Nsomba kuno ndi ndiwo. Ndine ndekha amene ndinaganiza zoisandutsa chokongoletsera m'nyumba, ndipo zimene nsombazo zinaona m'manja mwanga ndikuzilemba ndekha, chifukwa anansi akamazifotokoza amathiramo mchere wambiri.

Thankiyo inachokera ku Joni. Mlamu wanga, mchimwene wa mayi akunyumba, kwawo ku Balaka, amagwira ntchito ya m'munda pa nyumba ina ku Johannesburg. Abwana ake atatopa nayo anaiika panja kuti itayidwe, iye n'kuikulunga m'mabulangete, n'kuikweza basi. Inafika pa Khirisimasi ya 2021 yopanda ndi mng'alu womwe, ya malita pafupifupi 100, ili ndi kapampu kake kopopera mpweya komanso sefa ya siponji. Pondipatsa anatulutsanso kabotolo kapulasitiki kodzaza timapepala titalititali tokhala ndi timabokosi kunsonga.

"Alamu, madzi sasewera nawo. Ine kuntchito ndimayeza sabata iliyonse. Mukaviika aka, muziyerekeza ndi mitundu ili pabotolopa. Pamene alemba OK, ndiye pabwino."

Sanandiuze, nanenso sindinafunse, kuti madzi amene amayeza sabata iliyonsewo ndi a swimming pool.

Nsomba zoyamba zinali timakumba tating'ono timene ndinagula kwa mlimi wina wa madamu cha ku Domasi, ndi matemba ochepa amene mnyamata wina anabwera nawo amoyo m'chigubu. Zinakhala bwino ndithu kwa miyezi. Kabotolo ka alamu kaja kanali m'kabati ndipo ndinali nditakaiwala. Madzi ndinkatunga mu mgolo umene mayi akunyumba amasungira madzi a pampopi kuchitira tsiku limene mpopi wauma, kotero ankafika m'thanki atagona masiku angapo. Pamenepo ndinkachita zolondola zokhazokha, koma mosadziwa. Vuto linayamba tsiku limene ndinaganiza zoyamba kuchita zinthu mwasayansi.

Pa 3 Malichi 2022 boma linalengeza kuti kwagwa kolera, ndipo wodwala woyamba anapezeka konkuno ku Machinga, mvula ya namondwe Ana itangowononga kumene zimbudzi ndi zitsime. Mliri umenewu sunali nthabwala. Unafalikira dziko lonse ndipo pomatha unali utapha anthu oposa 1,700. Alangizi a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kugawa kolorini wosungunula m'mabotolo, kutiuza muyezo wothira m'ndowa ya malita 20. Kolorini anapulumutsa anthu ambiri, ndipo m'mutu mwanga munakhazikika mfundo yakuti madzi opanda kolorini ndi madzi a imfa.

Ndiye Loweruka lina ndinakumbukira kabotolo kaja. Ndinaviika kapepala m'thanki, n'kukaika pambali pa mitundu ya pabotolo. Kabokosi ka kolorini kanali koyera mbee, pa 0, pamene OK anali pakati pa 1 ndi 3. Mtima unagunda. Nsomba zanga zakhala miyezi yonseyi m'madzi osatetezedwa, mliri uli pakhomo! Ndinatenga botolo la alangizi, n'kuthira pang'ono, kuvundula, kuviika kapepala kena. Kanayamba kuoneka mtundu. Ndinaonjezera, kuviikanso, mpaka kabokosiko kanafika ndendende pamene alemba OK. Ndinaitana mayi akunyumba kuti adzaone kufanana kwake.

Iwo sanayang'ane kapepalako. Anayang'ana nsomba.

"Inu bambo, nanga zikuthamangiranji chonchi?"

Ndinati zikusangalala. Zinali zikuwombana ndi galasi, kenako zonse zinakwera pamwamba, kukamwa kuli yasayasa. Pomafika nthawi ya nsima yamadzulo zinali zitagona chagada. Mayi akunyumba anafunsa mwaulemu ngati angazikazinge, ine ndinakana, ndipo ndinakazikwirira pansi pa mpapaya, pamene mphaka wa aneba anadzazifukula usiku womwewo.

Nditaimbira alamu pa WhatsApp anakhala chete kanthawi, kenako ndinamva akufotokozera anzawo kumbali, anzawowo n'kuphulika kuseka.

"Alamu, mu pool mwathu mulibe nsomba. Ngakhale chule akagweramo usiku, m'mawa ndimamuvuula ndi ukonde atauma."

Kolorini amaotcha ziwalo zopumira za nsomba, zofiira zija zili m'mbali mwa mutu, kotero nsomba imabanika ili m'madzi. Madzi akumwa abwino amakhala ndi mamiligalamu 0.2 mpaka 0.5 a kolorini pa lita akamatuluka pampopi, ndipo ngakhale pang'ono pomwepo nsomba zimavutika napo. Muyezo woyenera m'thanki ya nsomba ndi 0, womwe uja ndinaupeza n'kuuthamangitsa. Mgolo wa mayi akunyumba ndi umene unkandipulumutsa, chifukwa madzi akagona osavundikira tsiku limodzi kapena awiri, kolorini amauluka yekha. Timapepala tija sitinaname. Tinayeza zoona, koma OK wake anali wa anthu osambira.

Munthu wanzeru akanaphunzira kufunsa. Ine ndinaphunzira kuti mitundu imanyenga, ndipo chofunika ndi manambala. Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi zolembera, ndimakhalira kuwerengera mapepala ndi tchenji, nambala ndimaikhulupirira. Tsiku lina ku Limbe, pogula inki ya makina, ndinaona m'shopu ina kachida kooneka ngati cholembera chonenepa, kokhala ndi kagalasi koonetsa manambala. Amakatchula TDS meter. Wogulitsayo anakaviika m'kapu ya madzi a m'botolo, kanalemba nambala yaing'ono. Anakaviika m'madzi a pampopi, nambala inakwera. "Ikatsika, madzi ndi abwino, bwana. Ikakwera, oipa. Ngakhale mwana awerenga." Ndinalipira osanenerera.

Kachidako kanandipatsa ulemu umene fotokope sinandipatsepo. Ndinkayenda nako m'thumba la malaya. Ndinayeza tiyi, thobwa, madzi a kutchalitchi. Choipa kwambiri, ndinapita nako ku Balaka kwa apongozi. Kumeneko nkhani ya madzi ndi yowawa. Dera lake ndi louma, damu la Mpira la ku Ntcheu limene linkathirira mipopi ya kumeneko linauma mu 2018, ndipo mijigo ina imatulutsa madzi amchere oti sopo sachita thovu. Ndinapita pa mjigo nthawi ya m'mawa amayi atadzaza ndi ndowa zawo, n'kuviika kachidako, nambala n'kupitirira 900. Ndinalengeza mokweza kuti madzi amenewa ndi oopsa. Uthenga unafika kunyumba ine ndisanafike. Apongozi, amene mwa mwambo sayang'anizana nane maso, analankhula ali kuseri kwa nkhokwe, akuuza mwana wawo koma mawu akulunjika kwa ine.

"Auzeni akamwiniwo kuti madzi amenewo ndi amene anakulitsa mkazi wawo. Ngati abwera ndi mjigo wina m'thumbamo, autulutse tiuone."

Nthawi imeneyo n'kuti nditalowa m'chikondi ndi mbuna. Ndi tinsomba tija timakhala m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, tabuluu, tachikasu, tina tamizeremizere, timene asodzi salabadira kwenikweni koma kunja anthu amatilipira ndalama zambiri. Stuart Grant anayamba kutitumiza ku Ulaya kuchokera ku Senga Bay m'zaka za m'ma 1970, ndipo lero ku Germany, ku America ndi ku Japan kuli anthu amene amadziwa mayina a miyala ya ku Likoma ndi ku Chizumulu chifukwa cha nsomba zimenezi, asanapondeko n'komwe. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuziteteza, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Zanga ndinazipeza kwa mnyamata wina ku Mangochi, amene analumbira kuti zinakodwa mu ukonde kutali ndi paki. Ndinasankha kumukhulupirira. Ndinabwera nazo m'minibasi, chigubu chili pamiyendo, kondakitala akufuna kuti nsombazo zilipire mpando.

Chaka chimenecho magetsi ankazimazima kwambiri, namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Kapampu kakazima ndinkapopera mpweya ndi pampu ya njinga, ndipo mbuna zinapirira zonsezo. Chimene sizinapirire ndi chikondi changa mvula itayamba. Ndinatchera beseni pansi pa malata, ndinaviika kachida, nambala inali 12. Sindinaonepo madzi abwino chotero. Ndinakhuthula madzi a mu mgolo, amene ankalemba mahandiredi, n'kudzaza thanki ndi madzi a mvula okhaokha, ndipo mvula ikagwanso ndinkasinthanso.

Mbuna zinayamba kuzilala. Zinasiya kuthamangitsana, zinabisala kuseri kwa miyala, zipsepse zitafinyidwa kuthupi. Inkafa imodzi, kenako kukhala bata, kenako ina. Ikafa ndinkaviika kachida, n'kulemba 30 kapena 40, ine n'kumauza mayi akunyumba kuti vuto silingakhale madzi, mwina mnyamata uja anandigulitsa zodwala kale.

Kachida kameneko kamapima mmene madzi akudutsitsira mphamvu ya magetsi, n'kuyerekeza kuchuluka kwa mchere wa mitundu yonse wosungunuka m'madzimo. Kali ngati sikelo ya venda, imene imakuuza kulemera kwa thumba koma osakuuza ngati muli chimanga kapena mchenga. Mchere wina ndi wofunika kwa nsomba. Poizoni wina ndi wochepa kwambiri moti nambala siisuntha n'komwe, koma nsomba n'kutha. Kuwerenga kwake n'kosavuta zedi, zimenezo wogulitsa uja ananena zoona. Kungoti funso limene kamayankha si limene nsomba zanga zinkafunsa.

Amene anandiunikira ndi mphunzitsi wa sayansi wa pa sekondale ina, amene amadzachititsa fotokope mayeso pashopu panga. Anandiuza za pH, muyezo wa kuwawasa kwa madzi, woyambira 0 mpaka 14, pamene 7 ndi pakatikati. Nyanja ya Malawi ili pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo mbuna zinazolowera zimenezo kuyambira makolo awo. Madzi a mvula alibe mchere wa carbonate umene umagwira pH kuti isagwe, kotero zonyansa za nsomba zikamaola, pH imatsetsereka. Komanso kuchoka pa 8 kufika pa 7 si sitepe imodzi, ndi kuwawasa kuwirikiza ka 10, ndipo kufika pa 6 ndi ka 100. Anaonjezera kuti malata atsopano amasiya zinc m'madzi. Anandibweretsera kabotolo ka madontho oyezera pH, ndinadonthezera, madzi anasanduka achikasu, pa 6.0, pansi penipeni pa tchati.

"Aphunzitsi, ndiye nditani?"

"Ikanimo miyala ya laimu, achimwene. Pang'onopang'ono ikwera yokha."

Laimu ndi wa kwathu kwa akazi anga. Mapiri a Chenkumbi ku Balaka ndi a miyala imeneyo, ndipo anthu akhala akuiotcha m'mauvuni a nkhuni kwa zaka zambiri n'kumagulitsa ufa wake woyera wopakira nyumba. Ndinakwera minibasi ya ku Balaka. Nditafika kwa ogulitsa ndinaona mulu wa miyala yosaotcha, yotuwa, yafumbi, ndi matumba a ufa woyera bwino. Ndinaganiza kuti aphunzitsi anatchula miyala pondimvera chisoni pa ndalama. Ine si munthu wopatsa nsomba zanga zinthu zosayenga. Ndinagula ufa.

Mwala wa laimu wosaotcha umasungunuka pang'onopang'ono ndipo pH ikafika cha pa 8.3 umaleka wokha. Ukauotcha n'kuuthira madzi umasanduka chinthu china, chimene chimatha kukankha pH kupitirira 12. N'chifukwa chake opaka nyumba manja awo amasupuka. Zimenezi ndikuzidziwa lero. Tsiku limenelo ndinathira supuni, kudonthezera madontho, madzi a m'kachubu anasanduka abuluu, pa 7.6. Zinandisangalatsa, koma cholinga chinali 8. Ndinathira supuni ina. 7.6. Ina. 7.6. Ndinayamba kukayikira kuti ogulitsa aja anasakaniza laimu ndi ufa wa chinangwa, ndiye ndinathira ndi dzanja. Madzi a m'thanki anayera, nsomba osaonekanso, koma kachubu kanakakamira pa 7.6.

Tchati cha madontho amenewo chimathera pa 7.6. Madzi a 8, a 10, a 12, onse amatulutsa buluu yemweyo, chifukwa mankhwalawo alibenso mtundu wina woti aonetse. Zinalembedwa pabotolo, 6.0 mpaka 7.6, ndipo ndinaziwerenga bwinobwino madzi atadikha, mbuna zotsala zili mbuu pansi.

"Safunsa anadya phula," anatero mayi akunyumba, akutsuka supuni yawo.

"Koma ndinafunsa aphunzitsi."

"Munafunsa, n'kukagula zina."

Anandipatsa masiku oti thankiyo ichoke pabalaza, apo ayi aikamo mbale. Ndi chifukwa chake ndinakwera minibasi ya ku Zomba n'kutsikira pa Domasi, pamene pali National Aquaculture Centre, malo a boma ofufuzira ndi kuswetsa nsomba za m'madamu. Ndinapeza mlangizi wina wachikulire amene anamvetsera nkhani yanga yonse osaseka, kupatula pa laimu, pamene anapempha kuti atuluke kaye panja. Atabwerera anati mwina ndiyambe ndi mlamba, poti umapuma mpweya wa kunja ndipo umapirira eni ake ovuta. Kenako anandifunsa funso limene palibe anali atandifunsapo.

"Bambo, mwayeza kolorini, mwayeza mchere, mwayeza pH. Amoniya munayezapo?"

Ndinali ndisanamvepo kuti m'madzi a nsomba mumakhala amoniya. Anandifotokozera kuti nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'ziwalo zopumira zija usana ndi usiku, ndipo chakudya chotsala chikaola chimaonjezera. M'nyanja amasungunuka m'madzi ochuluka, koma m'malita 100 amaunjikana. Chimene chimapulumutsa nsomba ndi mabakiteriya amene amamera mu sefa ndi pamiyala. Gulu lina limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya. Gulu lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene ndi wofatsa ndipo umamuchotsa posintha gawo la madzi sabata ndi sabata. Kuti mabakiteriyawo akhazikike m'thanki yatsopano pamatenga masabata 4 mpaka 6. Ine siponji ya sefa ndinkaichapa ndi sopo pampopi Loweruka lililonse mpaka iyere, ndipo ndinkanyadira ukhondo wanga. Ndinkapha antchito anga sabata iliyonse.

Chimene chinandizizira m'nkhongono ndi ubale wa amoniya ndi pH. Pa pH 7, gawo la amoniya limene limapha silikwana 1 pa 100 alionse. Pa pH 8 limafika cha pa 5, ndipo kukatentha limakwera, nanga kutentha kwa Liwonde mu Okutobala mukukudziwa. Pa pH 9 ndi kanthu, theka lonse ndi poizoni. Ndiye kuti madzi amene mbuna zimakonda ndi omwenso sakhululuka amoniya. M'madzi anga owawasa aja amoniya anali ataunjikana ali phee, ndipo supuni yoyamba ya laimu inamudzutsa. Mwina nsomba zinali zitatha kale ndisanafike pothira ndi dzanja.

Mlangiziyo anandilembera pa pepala zinthu zofunika kuyeza: amoniya, nitrite, nitrate, ndi pH ya tchati chofika cha pa 8.8, osati yothera pa 7.6. Anandichenjeza kuti timapepala tambiri ta nsomba, ngakhale tolembedwa kuti timayeza zinthu 5 nthawi imodzi, amoniya mulibe, amagulitsa padera. Komanso timapepala timaonongeka ndi chinyezi, ukangosiya botolo losatseka bwino m'dzinja basi. Zodalirika ndi za madontho, zimene makampani monga API ya ku America kapena Tetra, Sera ndi JBL a ku Germany amapanga. Ku Liwonde ndi ku Balaka sungazipeze pashelefu. Ndinabwereranso kwa alamu, ulendo uno nditawatumizira chithunzi cha pepala la mlangizi ndi mawu akuti asasinthe kanthu. Atanditchulira mtengo mu marandi ndinati ndidikire kaye, mwina utsika. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Ndinagula sabata yotsatira.

Bokosilo litafika ndinachita zonse mwa malamulo. Madzi a mu mgolo ogona, miyala ya laimu yeniyeni yosaotcha, timakumba tochepa toyambira, sefa osaichapanso ndi sopo. Kuyeza kwake kumafuna kudekha. Madzi mamililita 5 m'kachubu, madontho owerenga, botolo litaima chilili kuti madontho afanane, kudikira mphindi 5, kenako kuyerekeza ndi tchati pa pepala loyera, panja pa kuwala kwa dzuwa osati pansi pa babu. Botolo lachiwiri la nitrate limafuna kuligwedeza mwamphamvu theka la mphindi, chifukwa mankhwala ake amadikha pansi, ndipo ukachita ulesi limakuuza kuti zonse zili bwino. Amoniya akakhala 0 madzi amakhala achikasu, akamakwera amanka nabiriwira: 0.25, 0.5, 1, 2, mpaka 8. Nitrite akakhala 0 ndi buluu wowala, akamakwera amanka ku pepo. Ndinkalemba zotsatira m'kope. Amoniya 0, nitrite 0. Mawa lake 0 ndi 0. Ndinadabwa kuti thanki yanga yakhazikika msanga kuposa mmene mlangizi ananenera, ndipo ndinaganiza zoonjezera nsomba.

Mwana wanga wamkazi, amene anali mu Sitandade 8, anali atakhala pakhonde akuwerenga. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana kachubu kali m'manja mwanga.

"Ababa, mwalemba 0?"

"Eya. Achikasu."

"Amenewo ndi obiriwira."

Ndinamuuza kuti aziwerenga za mayeso ake. Anatenga tchati, n'kuika kachubu pa 1, n'kunena kuti ndi apa. Kwa ine kabokosi ka 0, ka 0.25, ka 0.5 ndi ka 1 tinali timabokosi tofanana, kungoti tina todera pang'ono, ndipo ndinkaganiza kuti ndi vuto la makina amene anasindikiza tchaticho. Ndinaitana mayi ake. Obiriwira. Ndinaitana aneba. Obiriwira, ndipo anaonjezera kuti ka nitrite kaja, kamene ine ndinkati buluu, ndi pepo woonekeratu.

Madzulo ake mwanayo anatsitsa pafoni zithunzi za timadontho tamitundumitundu timene dokotala wa maso wa ku Japan, Shinobu Ishihara, anatulutsa mu 1917. Choyamba tonse tinaona 12. Chinzake banja lonse linaona 74, ine ndinaona 21, ndipo ndinali wokonzeka kulumbira. Woyeza maso wina ku Zomba anadzatsimikiza kuti maso anga sasiyanitsa bwino zofiira ndi zobiriwira, chibadwire. Vutoli limayenda m'magazi kudzera kwa mayi, limagwira amuna kwambiri kuposa akazi, ndipo kwa azungu a kumpoto kwa Ulaya limapezeka mwa mwamuna mmodzi pa 12 alionse, kuno ku Africa n'locheperapo. Lilibe mankhwala. Chondisangalatsa pang'ono n'chakuti John Dalton, katswiri wamkulu wa chemistry wa ku England, anali nalonso ndipo analifotokoza mu 1794, ngakhale sindinamve kuti anaphapo mbuna.

Zinthu zambiri za moyo wanga zinamveka usiku umenewo. Chifukwa chimene mayi akunyumba analekera kundituma tomato kumsika. Mango osapsa amene ndakhala ndikubweretsa kuchokera ku Balaka chaka ndi chaka, n'kumati ogulitsa andibera. Malaya ena amene anasowa m'nyumba mosadziwika bwino titangokwatirana. Ntchito yanga ndi ya zakuda ndi zoyera, galimoto ndilibe, ndiye palibe chimene chinandigwirapo mpaka kachubu ka mamililita 5.

Munthu akandifunsa lero kuti agule chiyani, ndipo alipo awiri atatu ku Liwonde ndi ku Balaka amene thanki yanga yawakopa, ndimamuuza kuti ayambe waona ngati bokosilo linapangidwira nsomba za m'madzi opanda mchere, kenako aone ngati amoniya alimo, kenako awerenge pamene tchati cha pH chathera, ndi deti limene mankhwalawo atha mphamvu. Timapepala ndi tofulumira ndipo pa kolorini ndi tokwanira, bola udziwe kuti ukufuna 0. TDS meter ndimaigwiritsabe ntchito poona ngati madzi a pampopi asintha mvula ikagwa, osapitirira apo. Kuli timakina tina, monga ta Hanna, timene timawerenga mtundu tokha n'kulemba nambala ya amoniya, ndipo tingathandize anthu a maso ngati anga, koma kamodzi kamayeza chinthu chimodzi, mankhwala ake ogula padera, mtengo wake wa m'madola. Ndikauwerengera mu makope a fotokope ndimangotseka foni.

Mwana wanga anagwira ntchito yowerenga timachubu mokhulupirika, pa malipiro a Fanta, ndipo mbuna zatsopano zinakhala bwino mpaka imodzi inayamba kusunga mazira m'kamwa monga zimachitira kunyanja. Kenako anakhoza mayeso n'kusankhidwira ku sekondale yogonera konko. Kujambula kachubu n'kumutumizira sikuthandiza, kamera ya foni imasintha mitundu, komanso kusukuluko mafoni saloledwa. Mayi ake anakana kwamtuwagalu, akuti anakwatiwa ndi munthu wa fotokope osati wa labotale.

Ndiye Loweruka lililonse m'mawa ndimadonthezera madontho kunyumba, n'kuika timachubu m'thumba la malaya, n'kupalasa njinga mwachangu kuti mphindi 5 zindikwanire ndili pa khonde la shopu yanga, pamene pamakhala telala wina wachikulire wa ku Ntaja. Munthu amene wakhala zaka zonsezi akufananiza ulusi ndi nsalu sasokonezeka ndi timabokosi. Manambala alibe nawo ntchito, tchati sachiyang'ana n'komwe. Amanyamula kachubu, kukayang'ana padzuwa, n'kutsegula bokosi la ulusi.

"Aka ndi ka yunifolomu ya ana a pulayimale, achimwene, kali bwino. Koma aka kayamba kupita ku nsalu ya amayi a kwaya. Kasintheni madzi, ndipo muchepetse kudyetsa."

Sabata yatha anandiuza kuti kuyambira mwezi wa mawa kachubu kalikonse ndi K500, poti ulusi wakwera.